Kumene Anatera a Greyson

A Greyson Mbewe anayendetsa thiraki zaka makumi atatu ndi ziwiri, kudutsa pachipata cha Mchinji mpaka Lusaka, nthawi zina mpaka Ndola. Pa zaka zonsezo sanalizepo injini popanda pepala lonena katundu amene anyamula ndi kumene akukatsitsa. N'chifukwa chake mwana wawo wamkazi Tawina atawaimbira foni kuti Loweruka abwera ndi ndege kudzawatenga, iwo anafunsa kuti, "Tikupita kuti?"

"Kulibe kumene tikupita, ababa. Tingokwera, tizungulire, muone kwanu muli m'mwamba, kenako titsike."

"Nanga tikatenga chiyani?"

"Palibe."

Tawina ankagwira ntchito yoyendetsa tindege tonyamula alendo okaona nyama kunkhalango. Zimenezo a Greyson ankazimvetsa, poti pamakhala alendo, pamakhalanso kopita. Koma iyi inali ndege ya kalabu ya anthu amene amauluka pongofuna kusangalala, monga ena amakhalira pa bawo, ndipo Tawina anaibwereka pa tsiku lake lopuma. A Greyson anayesa kufotokozera akazi awo, mayi Esitele, koma ali mkati mofotokoza anaona kuti eni akewo sakumvetsa chimene akunena.

Loweruka m'mawa anavala jekete la kutchalitchi, n'kupita ndi akazi awo kufamu ina ya fodya kufupi ndi Guilleme, kumene kunali bwalo la udzu loterapo ndege. Unali mwezi wa Disembala, chimanga chitafika m'mawondo. Ndegeyo anaipeza itatera kale. Inali ya mipando iwiri yokha, yaing'ono kuposa mutu wa thiraki. Anaizungulira, n'kugogoda tayala ndi nsapato monga ankachitira asananyamuke ulendo. Tayalalo linali ngati la wilibala.

Mayi Esitele anakaniratu zokwera. "Ine ndiona ndili pansi pompano," anatero. A Greyson anawasiyira foni yawo kuti ajambule.

M'kati munalibe chiwongolero, munali kandodo kokha pakati pa miyendo. Tawina anawamanga lamba, n'kuwaveka mahedifoni okhala ndi kolankhulira pakamwa. "Injini ikalira sitimvana popanda amenewa," anatero, ndipo mawu ake anamveka m'makutu mwenimweni ngati akuchokera m'mutu mwawo. Ndege inathamanga pa udzu ikudumphadumpha, kenako kudumphako kunangoleka. A Greyson atayang'ana pansi anaona akazi awo asanduka kadontho ka chitenje chachikasu. Phazi lawo lamanja linkafufuza buleki pamene panalibe buleki.

Analowera kumene kuli mudzi wa malemu amayi awo a Greyson. Mudziwo uli m'mbali mwa kamtsinje kamene anthu a kumeneko amangokatcha Malire, chifukwa tsidya lino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Zambia. A Greyson anakulira kumeneko. Anasamba m'madzi amenewo, ndipo ankawoloka ndi thumba pamutu kupita kuchigayo cha kutsidya. Asananyamuke anali atalonjeza Tawina kuti amuonetsa doko lawo, pamene pali mkuyu waukulu.

"Tafika, ababa. Ndionetseni mkuyu uja."

A Greyson anakanikiza mphumi pagalasi. Pansi panali mizere yobiriwira ya mitengo yokhotakhota, osati umodzi koma inayi kapena isanu, yonse yofanana. Malata ankanyezimira uku ndi uku. Mapiri amene pansi amatseka theka la thambo anali ngati milu ya mbatata. Iwo ankayembekeza kuona mzere, ngakhale wosafiira ngati wa pamapu, koma china chake chosonyeza kuti dziko lathera apa.

"Mudzi wathu ndi uwo," anatero akuloza.

"Umenewo uli ku Zambia."

"Ndiye ndi uwo, wa tchalitchi choyerawo."

"Umenewonso ndi Zambia. Malawi ali mbali yanga ino. Zonse za kumanja kwanuko ndi Zambia."

"Iyayi, dzuwa limatulukira..." Anayang'ana dzuwa, koma linali pamwamba pa phiko, ndipo ndege itapendekeka pang'ono linasamukira mbali ina.

Nthawi yomweyo ndege inagwa m'dzenje limene silinkaoneka, n'kukweranso. A Greyson anadzidzimuka, bondo lawo linakoka kachingwe kena, ndipo m'makutu munangoti zii. Mawu a Tawina anasowa, kunatsala kulira kwa injini kokha. Anaona kachingweko kakulendewera pambali pa mpando. Anaganiza kuti athyola chinthu cha ndege ya eni, ndipo anaopa kuti akachigwiranso athyola china chofunika kuposa pamenepo. Anakabisa ndi mwendo.

Tawina analoza kumbuyo. Kumene anachokera kuja kunali mtambo wakuda bii, mvula ikuoneka ngati nsalu yolendewera mpaka pansi. Analankhula kanthu, ndipo a Greyson anagwedeza mutu ngati amva. Ndege inakhota, inakhotanso, mpaka sanadziwenso kuti mtsinje watsala mbali iti.

Kenako Tawina anayamba kulankhula nthawi yaitali. Sankawayang'ana, maso anali kutsogolo, ndipo nthawi zina ankameza malovu n'kuyambiranso. A Greyson anayang'anitsitsa milomo yake kuti atolepo ngakhale liwu limodzi. Analitola. Linabwera kawiri, mwinanso katatu, ndipo silinali lokayikitsa: Lusaka. Pomaliza Tawina anatembenuka n'kuwayang'ana ngati akudikira yankho. A Greyson anakweza chala chachikulu m'mwamba, monga madalaivala amachitira akamadutsana pamsewu. Tawina anamwetulira, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Apa a Greyson anakumbukira za mapepala. Pasipoti yawo inatha ntchito zaka zitatu zapitazo ndipo inali m'sutikesi kunyumba. M'thumba munali chiphaso cha unzika chokha. Ankadziwa bwino zimene zimachitikira munthu wolowa m'dziko la eni popanda chidindo, poti anaonapo anzawo akutsitsidwa m'thiraki n'kutsekeredwa. Anayesa kuwerengera mtunda. Pa thiraki, Lusaka ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Koma anthu amati ku Joni pa ndege ndi maola awiri okha, ndiye Lusaka angakhale mphindi zingati? Tawina ataona nkhope yawo anawapatsa kathumba kapepala, poganiza kuti akufuna kusanza. Anakatsegula, munalibe kanthu. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la jekete.

Anatera pamsewu wa tara wotakata kuposa uliwonse umene anayendapo, wodzaza ndi mikwingwirima yakuda ya matayala. Chapatali panaima ndege zikuluzikulu ziwiri. Injini itazima, kunabwera bambo wovala chovala chonyezimira chachikasu, n'kulankhula ndi Tawina m'Chingerezi. Anawakweza kagalimoto mpaka kunyumba yaikulu yamagalasi.

"Mwayenda bwino, ababa?" anafunsa Tawina. Nkhope yake inali yowala kuposa m'mawa. "Khalani pabenchi apa, ine ndikaonekere kuofesi."

A Greyson anafuna kufunsa kuti ali kuti, koma bambo wachikasu uja anali pomwepo. Munthu wofunsa funso lotero pamaso pa wantchito wa pabwalo amakhala wadziulula yekha. Ananong'ona kuti, "Nanga mapepala?"

"Ndi amene ndikukakonzawo. Musadandaule."

Anakhala pabenchi manja ali pamawondo. Kudzera pagalasi anaona mbendera ya Malawi ikupepeluka, ndipo mtima unatsika pang'ono. Koma anakumbukira kuti pachipata paja mbendera zimakhala za maiko onse awiri, ndiye pabwalo la ndege ziyenera kukhala zambiri. Anthu awiri anadutsa akulankhula Chichewa chenicheni. Mwina ndi apaulendo obwerera kumudzi. Zikwangwani zonse zinali m'Chingerezi. Kenako mawu a mayi wina anamveka kuchokera kudenga, othamanga, ndipo pakati pake a Greyson anamvanso kuti Lusaka.

Anadzuka kukafuna chimbudzi. Anachipeza, koma potuluka anadzera khomo lina, n'kupezeka m'chipinda chachikulu chodzaza anthu okoka masutikesi. Benchi ija sinaonekenso. Anabwerera, anakhota, n'kupezekanso m'chipinda chomwecho. Wapolisi wina anawayang'ana, mwina ankangoyang'ana jekete. A Greyson anaganiza kuti kuli bwino kukadzipereka okha kusiyana ndi kugwidwa, kuti mlandu usagwere mwana.

Pakona panali mayi wina wa yunifolomu yabuluu akukolopa. Pachifuwa pake panali dzina lakuti Anasi. A Greyson anavula chipewa, n'kutulutsa Chinyanja chimene ankalankhula m'misewu ya ku Zambia.

"Amai, nipempako thandizo. Ine nachokela ku Malawi, manje nangena muno nilibe pasipoti. Ofesi ya imigileshoni ili kuti?"

Mayi Anasi anaimika mopu. "Mwati mwachokera kuti, bambo?"

"Ku Malawi. Ku Mchinji."

"Nanga pano mukuti ndi pati?"

"Si pa Lusaka pano?"

Mayiyo sanaseke. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga munthu woyesa kuona ngati mnzake akudwala. "Pano ndi pa Lumbadzi, bambo. Bwalo la ndege la Lilongwe."

"Koma kudengaku anena kuti Lusaka."

"Amaitana okwera ndege yopita kumeneko. Tabwerani."

Anawatengera pakhomo lalikulu n'kuwalozera pamene pamaima magalimoto. A Greyson anawerenga manambala amodziamodzi: LL, LL, DA, KU. Panalinso kapikapu kakale ka MC, kakwawo. Mphambano yolowera kubwaloli anaidutsapo kosawerengeka atanyamula feteleza wopita ku Kasungu, koma sanakhoteko n'kamodzi komwe. Anaima pamenepo chipewa chili m'manja. Mutu unavomera kuti ali ku Malawi, koma thupi linkakanabe, ndipo dzuwa linkaonekabe kuti lili mbali yolakwika.

"Mwabwera pa kandege koyera kaja?" anafunsa mayi Anasi. "Ine pano ndatha zaka khumi ndi chimodzi, koma sindinakwerepo. Kumwambako kumaoneka bwanji?"

A Greyson anayankha kuti, "Zonse zimaoneka, mayi. Nyumba, minda, ngakhale mbuzi. Koma ine kwathu sindinakuone."

Tawina anawapeza pomwepo, akupuma mothamanga. "Ababa, ndakufunani ponseponse. Mumapita kuti?"

"Amafuna a imigileshoni," anatero mayi Anasi, n'kubwerera ku mopu wawo. Apa m'pamene mapewa awo anayamba kugwedezeka.

Panalibenso chobisa. A Greyson anafotokoza za kachingwe kaja, ndi kuti kuyambira pamtsinje sanamve kalikonse.

"Kachingwe kaja n'kongolowetsa pabowo, sikanathyoke," anatero Tawina. "Ndinakuuzani kuti mvula yatseka kufamu, bwalo la udzu likhala matope, ndiye tikatera ku Lilongwe." Kenako anaima, nkhope inasintha. "Dikirani. Simunamve chilichonse? Ulendo wonse uja?"

"Ndinangoona pakamwa pako pakunena Lusaka."

"Nanga chala chija munakweza chinali cha chiyani?"

"Unandiyang'ana ngati ukufuna yankho."

Tawina anakhala pansi pa kakhoma ka maluwa, n'kugwira kumaso ndi manja onse awiri. A Greyson sanadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo atachotsa manjawo zinaoneka kuti ndi zonse ziwiri.

"Ababa, ndakhala milungu itatu ndikukonzekera mawu amene aja."

"Mawu anji?"

Tawina anawatengera kumalo omwera tiyi m'chipinda cham'mwamba, kumene ndege zimaonekera pagalasi. Tiyi atabwera, Tawina anayamba, akuzunguza supuni m'kapu. Anati akudziwa kuti nkhani zotere zimadzera kwa amalume, ndipo zidzadzeradi kumeneko, koma ankafuna kuti bambo ake ayambe kumva kwa iye mwini. Pali mnyamata, dzina lake Wilson, amakonza mainjini a ndege. Kwawo ndi ku Katete koma amagwira ntchito ku Lusaka. Akufuna kutumiza akwawo mvula ikatha. Ndipo ukwati ukachitika, iye adzasamukira ku Lusaka, poti kampani ina kumeneko yamulonjeza ntchito.

A Greyson anamvetsera mpaka pamapeto osadula mawu. Kunja ndege yaikulu ija inali kubwerera chambuyo, ikukankhidwa ndi kagalimoto kakang'ono.

"Ndiye ine ndavomera kale?"

"Munavomera, koma simunamve. Ndiye sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa." Anamwa tiyi. "Ku Katete mbali iti? Ndi mwana wa yani?"

Tawina anatchula mudzi ndi mfunda. Mudziwo a Greyson ankaudziwa, unali pamsewu, pamene ankaima kugula makala. Anafunsa ngati mnyamatayo amapemphera, ngati makolo ake ali moyo, ngati amamwa. Tawina anayankha zonse.

"Chabwino. Abwere tidzamuone. Koma amayi ako tikawauza bwanji? Ukudziwa mtima wawo. Za Lusakazo usayambe nazo, undisiyire ine."

Tawina anayang'ana m'kapu. "Amayi akudziwa kuyambira Seputembala. Wilson anamuona kale, ulendo uja amayiwo anabwera kuchipatala kuno ku Lilongwe."

A Greyson anaika kapu pambale pang'onopang'ono. Kenako anatambasula dzanja.

"Tandibwereka foni yako, ndiwaimbire."