Pulazima ya mu Wodi Yachitatu

Atamva kuti wodi ilandira pulazima, mayi wokolopa anapukuta khoma loyang'anizana ndi mabedi, n'kuuza odwala kuti Loweruka aonera mpira. Chimene chinafika chinali chibokosi cha matayala chokhala ndi paipi, chikukankhidwa ndi bambo wa ku labu amene anthu ankangowatcha a Pulofesa, ngakhale panalibe amene anaonapo mapepala awo.

Odwala anaseka, koma mayiyo sanaseke nawo. Sabata yathayo a Pulofesa omwewo anali atapaka kathonje pa sinki yake, sinki imene wakhala akuikwecha zaka khumi ndi zinayi, n'kulemba kuti pali tizilombo. A Metroni, mkulu wa anamwino, anali atanena kale kuti tikapezekanso, amusamutsira kochapa zofunda.

"Pulazima iyi si ya kanema, mayi," anatero a Pulofesa, akuvala magalasi achiwiri pamwamba pa oyamba. "Ndi mpweya umene tauputa ndi magetsi mpaka wakwiya."

"Ngati apongozi anga," anatero mayiyo.

"Tizilomboti timamanga mudzi. Timadzifunditsa kanthu koterera, sopo n'kumangodutsa pamwamba ngati mvula pa malata. Mukhoza kukwecha mpaka dzanja kuthothoka, ito tili phee."

"Bwerezani pamenepo, achimwene, mokweza. A Metroni ali pakhomopo."

A Pulofesa chibadwire anali asanapemphedwepo kubwereza kanthu. Anabwereza mosangalala, n'kuwonjezera ndi zina zimene sanafunsidwe.

Kenako anayatsa makinawo. Kukamwa kwa paipi kunatuluka kalawi kabuluu, kosatentha, kolira ngati udzudzu. Anakayendetsa pa sinki pang'onopang'ono, nkhope ili ngati akuchita opaleshoni. Atafika kuseri kwa mpopi anaima. Panali mankhwala otsukira mano amene wodwala wina analavulira m'mawa, atauma gwa.

"Apa sikalowa. Makinawa amafuna pamalo pokwecha kale."

"Kani bwana wanuyu zonyansa sagwira?"

"Ndi makina apamwamba, mayi."

A Metroni anayang'ana bokosilo, anayang'ana ndowa ya mayiyo, n'kuusa moyo. "Basi, mayi, muzitsogola inu tsiku lililonse. Iwowa azibwera m'mbuyo mwanu."

Mayi wokolopa anatulutsa bulashi m'thumba la epuloni.

"Tasunthani kaye, achimwene, mungadonthedwe."

A Pulofesa anasuntha, paipi ili m'mwamba ngati kandulo, n'kudikira. Mayiyo anakwecha kuseri kwa mpopiwo mosafulumira, akuimba chapansipansi.