Agogo Burma Agonekedwa m'Chipatala

Chaka chimene nyanja inakwera n'kulowa m'midzi ya kumwera kwa Chintheche, Wallace Mphande anayamba wapulumutsa ng'oma, mkazi pambuyo. Madzi atafika m'maondo m'nyumba, anakweza ng'omayo m'bwato n'kuuza mkazi wake Hannah kuti adikire pachulu ndi mbuzi, abwera posachedwa. Anabweradi, koma anapeza Hannah atanyamuka kale, madzi ali m'chiuno, mtolo uli pamutu, akutukwana m'Chitonga mpaka mbuzi kumayang'ana kumbali.

Wallace anali Kingi wa gulu la malipenga la m'mudzimo. Ng'oma yaikulu ya gululo inkatchedwa Burma, chifukwa agogo ake anabwera nayo pochokera ku nkhondo ya azungu. Wallace ankati agogowo anapatsidwa ngati mphoto ya kulimba mtima. Ena ankanong'ona kuti anangoinyamula eni ake ali kokadya.

Anthu a m'mudzimo anathawira kusukulu ya pamtunda. Woyang'anira zaumoyo pamsasapo anali Dyson Likaka, mnyamata wa ku Mulanje amene anali atangotumizidwa kumene, wosamva Chitonga ndi pang'ono pomwe. Poopa kolera komanso poona kuchepa kwa malo, Dyson analamula kuti m'makalasi muzilowa anthu okha, katundu yense akhale pansi pa mtengo wa mango.

"Achimwene, uyu si katundu," anatero Wallace atakumbatira ng'oma pakhomo la kalasi.

"Amapuma?" anafunsa Dyson.

"Akalankhula, mudzi wonse umaimirira."

"Ndiye akalankhulire pansi pa mango, bambo."

Mvula sinkakata. Chikopa cha ng'oma chinayamba kufewa ndi kununkha ngati galu wonyowa. Wallace anaifunditsa jekete lake, iye n'kukhala pambali pake ali m'malaya okha, akunjenjemera. Hannah anamuyang'ana pazenera kwa masiku angapo, kenako anaitana amayi anzake.

"Ng'omayo ine iwole, ndilibe nayo ntchito," anatero. "Koma bamboyu akagwidwa ndi chibayo, wotaya mikodzo yake ndine."

Dyson atapita kukathira mankhwala m'zitsime, amayiwo anagubuduzira Burma m'kalasi. Anamugoneka pamphasa pakona, kumunsi anaikako thumba la makaka ndi magambutsi a Wallace, kumtunda dzungu lovekedwa duku, n'kufunditsa zonsezo bulangete. Ukaonera patali, anali munthu wamkulu amene kondowole anamuyanja.

M'mawa mwake Dyson akuyendera anthu, anaima pakonapo.

"Awa ndani? Dzulo sindinawaone."

"Agogo athu," anayankha Hannah. "A Burma. Anachita kunyamulidwa."

"Akudya?"

"Sadya."

"Akulankhula?"

"Mpaka uwamenye."

Dyson anakwinya nkhope, akuganiza kuti ndi vuto la Chichewa cha kuno. "Nanga akutsegula m'mimba?"

"M'mimba mwawo mulibe kanthu, mwana wanga. Ndi mphepo yokhayokha."

Dyson anagwada kuti avundukule bulangete, koma amayi onse anakuwa nthawi imodzi. Anati mwambo wa Atonga sulola mlendo kuona thupi la munthu wamkulu. Mwambo umenewu unabadwa m'mawa womwewo, koma Dyson anali ataphunzitsidwa kulemekeza chikhalidwe cha anthu, choncho anabweza dzanja. Anangopempha kuti agogode pamimba pang'ono, bulangete lili pomwepo. Anagogoda ndi zala ziwiri.

Burma anayankha: dum.

Dyson anadzuka atatong'ola maso. "Mimba yawo ikulira ngati ng'oma! Mayi, awa akufunika kuchipatala tsopano lino, apo ayi tiwataya."

Mayi wina anathawira panja atadziluma nsalu kuti asaseke. Hannah anayesa kunena kuti agogowo amadana ndi jakisoni, koma Dyson anali atayamba kale kufuula kuti abweretse machira, popeza msewu unali utaduka ndipo ambulansi sikanafika. Wallace anafuna kuulula, koma anakumbukira kuti chipatala chili ndi malata atsopano osadontha, pamene denga la kalasi linkadontha pakona pomwepo. 

Amene ananyamula machira anali amuna anayi a gulu la malipenga. Poti miyendo yawo sinkadziwa kuyenda mwina ikakhala pafupi ndi Burma, anayamba kuponda mofanana, zifuwa patsogolo, ngati ali pabwalo. Dyson ankathamanga pambali atagwira ambulera pamwamba pa dzungu, akulimbikitsa wodwala kuti, "Limbani mtima agogo, tafika." Wallace ankabwera pambuyo akulira misozi yeniyeni, chifukwa anyamatawo ankagwedeza machira kwambiri.

Kuchipatala anawalandira namwino Stella Manda, mayi wa ku Kande amene sankadziwa zoti pali mwambo woletsa kuvundukula odwala. Anakoka bulangete kamodzi. Dzungu linagubuduka, n'kukaima pamapazi pa Dyson lidakali ndi duku lake.

Dyson anayang'ana dzungu, anayang'ana magambutsi, kenako anakhala pansi pabenchi n'kugwira mutu.

"Ine ndimawapempherera njira yonse," anatero.

Stella sanaseke. Anazungulira ng'omayo, akusisita mkombero wake wachitsulo. "Ndiye Burma uja ndi ameneyu? Ada Mphande, bambo anga anapita kumanda akunena kuti ng'oma iyi ndi ya gulu la kwathu. Agogo anu anaibwereka paukwati."

"Bodza!" anakuwa Wallace, misozi itauma nthawi yomweyo. "Inachokera kunkhondo!"

"Nkhondo yake inali ya paukwatipo." Stella anadina chikopa ndi chala, n'kupukusa mutu. "Koma wodwala ndi wodwala. Chikopachi chikanyowanso sabata imodzi chiwola. Ndimugoneka m'chipinda chosungira katundu, pamwamba pa kabati. Wotulutsa odwala pano ndine."

"Nanga mudzamutulutsa liti, ama?" anafunsa Wallace.

"Mnyamata uyu wakhala akupempha amuna kuti akumbe zimbudzi kumsasa, inu muli pansi pa mango kulera ng'oma. Zimbudzi zikatha, tidzakambirana."

Gulu la malipenga silinagwirepo ntchito mmene linagwirira sabata imeneyo. Amuna amene kwawo sankagwira ngakhale tsache, poopa kudetsa makabudula oyera, anakumba maenje mpaka matuza m'manja, Kingi ali patsogolo ndi khasu. Pamsasapo sipanagwe kolera. Dyson sanalankhule ndi Hannah kwa masiku angapo, mpaka Hannah anamutumizira mbale ya dzungu lophika, n'kumuuza kuti ndi mutu wa agogo. Anadya.

Burma anakhala m'chipatala mpaka mvula itatha. Wallace ankapita kukamuona nthawi yoonera odwala, ndipo Stella ankamuimika pamzere pamodzi ndi anthu onyamula mabasiketi a chakudya. Nyanja sinabweze malo a mudzi wawo, moti anthu anamanga nyumba zina kumtunda. Ng'omayo anaitulutsa Wallace atalonjeza pamaso pa anthu kuti gulu la ku Kande liziyamba kuiimba pa gule woyamba wa chaka chilichonse. Za mwini wake weniweni akukanganabe mpaka lero.

Gulu lililonse la malipenga limakhala ndi Dokotala wake, woti azitola ovina amene akomoka ndi dzuwa. Pa gule wa mu Ogasiti chaka chimenecho, udindowu anaupereka kwa Dyson. Anamuveka kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo ndi chipewa cha nthenga, n'kumuika kumapeto kwa mzere. Anavina ngati munthu amene akupha linthumbu ndi mapazi, ana akugubuduka ndi phwete. Nyimbo yachiwiri isanathe, woyamba kukomoka anali iyeyo, ndipo Stella anachita kudutsa pakati pa bwalo ndi ndowa ya madzi.