Zilembo Zazikulu

"Ndinu mwaipha kompyutayi, mayi Anesi! Nyimbo zanu za kwaya za pa fulashi zija, si ndinakuletsani?"

Anali a Hudson, oyang'anira kachipatala kathu ka pa Nkando, akukalipa pamaso pa odwala amene anadzaza mabenchi Lolemba m'mawa. Mayi Anesi, amene akhala akulemba mayina a odwala pa tebulo limenelo kwa zaka khumi ndi zisanu, anangoti zyoli.

Pulogalamu yolembera odwalayo ndinkaisamalira ndine. Kukoleji sindinapondeko, khodi, kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta, ndinaphunzira ndekha pa foni. Loweruka ndinali nditalembanso menyu yonse, mzere wa pamwamba uja pomwe munthu amasankha chochita. Yakaleyo inali yopiringizika ngati chisa cha mbewa, ndiye ndinasesa chilichonse chimene ndinachiona ngati zinyalala. Pa laputopu yanga zonse zinkayenda myaa. Koma pa kompyuta ya mayi Anesi, ukangoitsegula, inkaphethira kamodzi n'kuzima.

"Iwe Evance, tachotsa vayirasiyo," anatero a Hudson akundiloza. "Inu mayi, tengani chikwama mukadikire panja. Kalata yokuchotsani ntchito ndikulemba."

Ndinakhala pampando wa mayi Anesi. Vayirasi ndinaifufuza, osaipeza. Ndinabwezeretsa pulogalamu yakale, inatseguka bwinobwino. Kuikanso yanga, thi!

Ndinaika timawu m'khodimo kuti pulogalamuyo izinena paliponse pamene yafika, monga amachitira okwera phiri pomanga udzu m'njira kuti asasochere. Inkafera pamalo amodzi: powerenga kafayilo kosunga zimene mwini kompyutayo anasankha. M'kafayilomo munali mzere wonena kuti chisankho nambala 14 chiyatsidwe. Menyu yanga inkathera pa 13. Pulogalamuyo inkapita kukagogoda pa khomo limene ine ndinagumula, n'kugwera m'dzenje.

Ndinatsegula khodi yakale kuti ndione 14 chinali chiyani. Chokulitsira zilembo. Ndinakumbuka kuti ndinachichotsa ndikuseka: ndani angafune zilembo ngati za pa chikwangwani cha minibasi?

Mayi Anesi ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala, chikwama chili pamiyendo.

"Mayi, zilembo zazikulu zija munayatsa liti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'pamene ndinaona kuti maso awo akuphonya nkhope yanga pang'ono.

"Dzinja lathali. Maso awa ayamba chifunga ngati cha chiperoni, mwanawe. Abwana akamabwera ndimatembenuza sikirini." Anaseka pang'ono. "Usawauze. Bola andichotse chifukwa cha nyimbo za kwaya, ntchito ina ndikaipeza. Koma akakati saona, andilemba ndani?"

Ine ndi amene ndimalalata tsiku ndi tsiku kuti anthu a madigiri amatipangira zinthu osatifunsa. Koma Loweruka lonse ndinakhala ndikudula menyu imene mayi awa amaigwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osawafunsa ngakhale funso limodzi. Chimene sindinachimvetse ndinachitcha chinyalala.

Kukonza kwake sikunatenge mphindi makumi awiri. Ndinabwezeretsa 14, n'kuiphunzitsa pulogalamuyo kuti ikasowa khomo izingodutsa osagwa. Kenako ndinachita chinanso: zilembo zazikulu ndinaziika kuti zikhale za aliyense, pa kompyuta iliyonse, kuti pasapezekenso wotembenuza sikirini.

A Hudson anatulukira ndi pepala m'manja. "Yatuluka vayirasiyo?"

"Munalibe vayirasi, bwana. Ndinathyola ndine. Ndinachotsa chinthu chimene sindinachimvetse."

Anasuzumira pa sikirini. "Nanga zilembozi zatupiranji chonchi?"

"Ndi mmene ndaipangira tsopano. Kwa tonse."

"Aaa, ana a masiku ano." Anapinda pepala lija n'kuliponya m'thumba la malaya. "Chabwino, kawaitane ayambe ntchito. Mzere watalika."

Ndinaimirira. Mawu anatuluka mokweza, mpaka mayi wina amene ankayamwitsa mwana pa benchi anatembenuka.

"Ayi, bwana. Munawanyoza pompano, anthu onsewa akumva, fulashiyo musanaigwire n'komwe. Wolakwa mwamupeza, ndine. Ndiye kalata ili m'thumbayo mulembapo dzina langa, kapena mupita nokha pansi pa mtengo paja mukawapepese? Musayang'ane sikirini, bwana. Tandiyankhani!"