Lezala pa Khosi la Bambo

Mtsikana wina wosoka zovala anakonda wometa wa shopu yoyandikana ndi yake chifukwa cha manja ake: zala zazitali, zofatsa, zoyenda pa tsaya la munthu ngati zikumupepesa. Anazindikira mochedwa kuti manjawo amadzuka akunjenjemera, ndipo sakhazikika mpaka mwini wake atameza mowa womwe ankabisa mu fulasiki ya tiyi.

Dokotala anawauza onse awiri kuti chiwindi cha wometayo chatupa, ndipo maso achikasuwo si kusowa tulo ayi. Akapitiriza kumwa, ukwati sadzauona. Anamuuza kuti agonekedwe kuti amuthandize kusiya, koma wometayo anakana, amvekere mwamuna amasiya yekha. Fulasiki ija anaipereka kwa mtsikanayo, iye n'kuikwirira m'nsanza pansi pa makina osokera.

M'mawa mwake bambo ake a mtsikanayo anangotulukira pashopu ya wometayo. Anati amva kuti kuli mnyamata akufuna mwana wawo, ndipo mkamwini umamudziwa pa ntchito, osati pa suti. Anakhala pampando n'kukweza chibwano. Makina ometera anawakana poti amawatulutsa ziphuphu. Ankafuna lezala.

Wometayo anawapaka thovu, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mtsikanayo, ataima pakhomo, anaona pagalasi lezala ikuvina m'zala zija.

"Iwe mnyamata, ukuopa ineyo kapena ndevuzi?"

"Ndevu za akuluakulu, bambo, timayamba tazipempha chilolezo."

Mkuluyo anaseka n'kutsinzina. Wometayo anati akatenge madzi otentha, nalowa kuseri kwa katani, mtsikanayo n'kumutsatira. Mmenemo munali mothina, mukununkha sopo ndi matawulo onyowa. Anatambasula manja ake kuti mtsikanayo awaone.

"Kachivindikiro kamodzi kokha ka mowa uja," ananong'ona. "Apo ayi ndiwacheka bambo ako."

Mtsikanayo akanatha kutsegula katani n'kunena zoona. Koma bambo ake ankawadziwa: akanadzuka ndi thovu lomwelo, ndipo dzina la wometayo silikanatchulidwanso pakhomo pawo. Akanathanso kukana, lezala n'kupita pakhosi paja ikunjenjemera. Anazemba pakhomo lakumbuyo, nakafukula fulasiki m'nsanza muja, nabwera nayo, nathira yekha ndi dzanja lake. Pamene wometayo ankameza, iye anayang'ana kukhoma.

Posakhalitsa lezala inayenda mwakachetechete, osasiya ngakhale kadontho ka magazi. Bambo aja anasisita chibwano chawo, nati manja otere ndi odalitsika, ndipo mnyamatayo auze amalume ake abwere adzakambirane. Anamugwira paphewa mwana wawo n'kumuuza kuti wasankha bwino. Iye anamwetulira mpaka mkuluyo anakhota pamsewu.

Wometayo ankasesa ndevu pansi, maso ali pa tsache.

"Mawa uzibwera nayo fulasikiyo ndisanatsegule," anatero. "Makasitomala a Loweruka amalawirira."