Thokozani Sanamire

Uthenga unati Thokozani wamira m'ngalande ya m'minda ya mpunga ku Lifuwu. Mayi Eveles, amene ankasambitsa maliro ndi kuyambitsa nyimbo pa mpingo wawo, anaumva akusenda chinangwa, mpeni n'kuima. Mwezi umenewo madzi a m'ngalandemo ankalekeza m'mawondo.

Atafika kusiwa ndi mnzawo Mayi Mavis, anapeza thupi litakulungidwa kale, chitenje atachimanga mpaka kuchibwano. Patson, mwamuna wa malemu, anali chilili pakhomo la chipinda, pamene mwamuna sayenera kuima.

"Musavutike amayi, tamupukuta kale. Ingomuvekani."

"Tamva bambo. Tatipatsani mpata."

Atatseka chitseko, Mayi Eveles anamasula chitenje chija pang'onopang'ono ngati akuopa kumudzutsa mwanayo. Tsitsi lake loluka linali louma mpaka m'kati, likununkhirabe mafuta. M'zikhadabo munalibe matope. Pakhosi panali mikwingwirima yakuda, uku ndi uku.

"Anzanga, mukuona?"

"Ine maso ndasiya kunyumba," ananong'ona Mayi Mavis. "Zoona posambitsa sizituluka panja, mukudziwa. Malemu Jacqueline uja, abale anati malungo. Malemu Precious, anati wagwa panjinga. Tinaimba, tinaika. Lero ndiye mwatani?"

Mayi Eveles ankadziwa mmene zimathera. Panja panali a Fiskani, mlangizi wa zaumoyo, njinga yawo atayitsamiritsa kumtengo wa mango. Iwo amalemba zimene abale anena, ndipo kuboma kukafika liwu limodzi lokha: kumira. Madzi a kuno asenza milandu yambiri poti alibe pakamwa pokanira. Bokosi likangokhomedwa, Thokozani akhala womira mpaka tsiku lachiweruzo.

Mayi Eveles anamuveka diresi yake yoyera ya kwaya, akupemphera chapansipansi. "Ambuye, Inu mpheta ikagwa mumadziwa. Nanga uyu?"

Pamudzipo maliro satuluka m'nyumba woyambitsa nyimbo asanakweze mawu. Adzukulu analowa ndi bokosi, wina atagwira hamala ndi misomali. Amayi anadzaza pakhonde, maso onse kwa Mayi Eveles. Iwo sanayambitse nyimbo. Wina anatsokomola. Mayi Mavis anawagunda ndi chigongono.

"Amayi, dzuwa likupita," anatero Patson, akupukuta thukuta pamphumi. "Yambani nyimbo."

"Mwafulumiratu bambo. Amalume ake sanafike n'komwe."

"Akatipeza kumanda."

Mayi Eveles anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti mawa lomwe adzakumana ndi abale a Patson pamjigo, ndipo palibe adzawalonjere. Anakweza dzanja nagwira pakhosi pawo.

"Nyimbo yandikanira apa," anatero. Kenako anatembenukira kumtengo wa mango. "A Fiskani, musanalembe kanthu, itanani anamwino ndi apolisi adzaone okha. Mwanayu sanamire."

Mayi Mavis anaphimba nkhope ndi chitenje. Mdzukulu uja anayang'ana misomali ili m'dzanja lake, naiika pansi pamodzi ndi hamala.