Chala Chachikulu cha Ababa

Ine ndili nawo mlandu anthu amene amakonza pulogalamu ya mchezo ija ya pa foni. Sindikuwadziwa, sindinawaonepo, koma tsiku limene ndidzakumane nawo adzandimva. Munthu wazolowera kuti mauthenga ali pamwamba, tsiku lina ukudzuka ukupeza anawatsitsa pansi, pamalo pake aikapo kamera. Lachiwiri lina m'mawa, ndili pa kauntala ya sitolo ya mankhwala imene ndimagwirako ntchito, ndinati ndione uthenga. Ndinangodziona ndekha kuchokera pansi: chibwano ndi mabowo awiri a mphuno. Pamwamba atalemba kuti asintha zinthu kuti zitiphwekere. Anawauza ndani kuti zimativuta?

Tsiku lomwelo abwana anga anatumiza chithunzi cha phazi lawo lotupa ku gulu lathu la ogwira ntchito, pamene ankafuna kutumizira dokotala. Tonse tinawafunira kuchira msanga. Sanatilankhule mpaka madzulo.

Koma izo ndi zazing'ono. Amene anaona zakuda ndi ababa.

Ababa ndi kalipentala. Amati anapuma ntchito, koma m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba hamala imayamba kulira ine ndisanasambe. Timakhala awiriwiri chimwalirireni amayi. Foni ndinawagulira ndine, tsamba ndinawatsegulira ndine, ati azionerapo mipando ya anzawo. Ndipo ankaoneradi, kwinaku akunyoza. "Taona mwendo wa tebulowu. Ameneyu anaphunzitsidwa ndi ndani?"

Foniyo amaigwira ngati thabwa. Masiku oyamba zithunzi zinkawathawa: akangokhudza, chithunzi chija chatsetsereka, kwabwera china. Ndiye anatenga nzeru ya kushedi. Thabwa likamayendayenda umalipanikiza ndi chala chachikulu kenako n'kudula. Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chimene akufuna kuchiona bwino amachipanikiza cha kumanja, mwamphamvu, mpaka chikhadabo kuyera. Ndinawauza kangapo konse kuti chithunzi sichithawa mukachisiya. Ankangoti, "Iwe zigulitsa mapiritsi ako." Chalacho si chala chamasewera, chakhala chikumenyedwa ndi hamala zaka makumi anayi ndipo chinaphwatalala. Magalasi a maso ali nawo, koma amakhala m'dirowa, ati amawakalambitsa.

Tsopano ndinene za mng'ono wanga. Kwathu timamutchula Kamsomali, chifukwa ali mwana anali woonda ndipo sankachoka kushedi. Zaka zitatu zapitazo anasiya sukulu ya unamwino n'kukwatiwa ndi mnyamata woimba gitala. Ababa analankhula mawu aakulu, aja oti ukatuluka pakhomo pano usadzabwerenso. Kamsomali anatengera mtima wa ababa omwewo, ndiye anatuluka ndipo sanabwerenso. Anasamukira kutali, anabereka mwana wamkazi. Ine ndimalankhula naye, koma ababa dzina lake sankalitchula, ndipo mdzukulu wawoyo anali asanamuonepo. Ndikayamba nkhani yake patebulo, ankadzuka kukayang'ana ngati atseka shedi.

Lachisanu masana foni yanga inalira ndikuwerengera mayi wina mapiritsi a chifuwa. Anali azakhali, mlongo wawo wa ababa, munthu amene chinthu sichingachitike pa intaneti iwo osachiona.

"Iwe, bambo ako apenga?"

"Atani, azakhali?"

"Kukwiyira mwana wa zaka ziwiri. Wawalakwira chiyani? Akakwiya azikwiyira mayi wake, osati kakhanda. Ine manyazi andigwira, anthu a kutchalitchi akundifunsa."

Ndinathamangira kuseri kwa mashelefu n'kutsegula tsamba la Kamsomali. Mayo ine. Mwana akuseka m'beseni: pansi pake kankhope kofiira kokwiya, ndi dzina la ababa. Mwana akuzimitsa kandulo: kankhope kofiira. Mwana wavala nsapato za bambo ake: kankhope kofiira. Ndinatsika mpaka tsiku limene anabadwa, atakulungidwa m'kabulangete kuchipatala. Napo ababa anakwiyapo.

Ndinayesa pa foni yanga ndipo ndinamvetsa msanga. Akatswiri athu aja anaikamo chinthu chatsopano. Ukapanikiza chithunzi kwa kanthawi pamatuluka mzere wa tinkhope, koyamba kamtima, kenako koseka, kolira, ndipo kumapeto kwenikweni cha kumanja kofiira kaja. Ukachotsa chala, kamene kali pansi pa chalacho kamatumizidwa pa chithunzicho. Chala cha ababa chinkaphimba theka la mzerewo, ndipo chinkakhala kumanja.

Ndinaseka, sindinama. Ndinaseka mpaka kutsamira katoni ya mabandeji. Kenako kuseka kunandithera, chifukwa ndinazindikira chinthu china. Munthu amene satchula dzina la mwana wake anali atadutsa zithunzi zonsezo, chimodzichimodzi, m'masiku atatu okha. Ndiye kale lonseli ankadutsamo kangati?

Nditaweruka ndinawapeza kushedi akupala chitseko cha kabati, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Ababa, mipando ya anzanu ikuoneka bwanji masiku ano?"

"Yoipa ngati kale."

"Nanga uwu ndi mpando wanji?" Ndinawaonetsa mwana ali m'beseni.

Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana chitseko chawo. "Zimangobwera zokha zimenezo."

"Zimabwera zokha zithunzi makumi anayi ndi ziwiri?"

Ndinakatenga magalasi m'dirowa, n'kuwaveka ndekha ngati mwana wopita ku sukulu. Ndinawaonetsa kankhope kofiira, ndi dzina lawo pambali pake. Ndinawafotokozera za mzere uja ndi za chala chawo. Anatukula chalacho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, ngati n'chobwereka.

"Ndiye iyeyo waona?"

"Waona. Azakhali aona. A kutchalitchi kwa azakhali aona."

"Akuganiza kuti ndakwiyira mwana."

"Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani?"

Anakhala pansi pa benchi. Ndinawauza kuti ndingathe kuchotsa tinkhope tonseto n'kuikapo timitima. Anakana. Ati ndiye adziwa kuti ndimaona. Ndinati ababa, dziko lonse ladziwa kale kuti mumaona, chimene silikudziwa n'chakuti mumaona ndi mtima wotani. Anafunsa china, motsitsa mawu.

"Angathe kunditsekera? Kuti ndisamaonenso?"

"Angathe. Ndi batani limodzi, ngati sanalisunthenso."

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ababa anga ndi munthu wouma mutu, koma sindinawaonepo ali ndi mantha ngati tsiku limenelo. Kawindo kamodzi kokha kamene ankasuzumirapo mdzukulu wawo anali atakaswa okha ndi chala chawo.

Ndinamuimbira Kamsomali katatu, sanayankhe. Ndinamulembera uthenga wautali wofotokoza zonse. Chizindikiro chinaonetsa kuti wawerenga, koma anangokhala chete. Chizindikiro chimenecho nachonso anthu aja anachiikiranji, sindidziwa. Kale munthu unkadzitonthoza kuti mwina kalata inasochera.

Loweruka lonse m'mawa hamala sinalire. Ababa ankatsegula tsamba lija mphindi zilizonse kuti aone ngati likutsegukabe, foni ili patebulo, akuikhudza ndi kachala kakang'ono kokha, mwaulemu. Magalasi ali pamphuno. Ndinawauza kuti akuoneka ngati mphunzitsi wamkulu, sanaseke.

Cha m'ma thuu koloko foni yawo inalira. Anaiyang'ana, n'kuikankhira kwa ine. Ndinayankha, n'kuika kuti mawu azimveka kwa tonse.

"Achemwali, apatseni eni ake foni," anatero Kamsomali.

"Akumva. Koma iwe, ndinakulembera kuti si dala, ndi chala chija—"

"Ndinawerenga. Ndinadziwa ndisanawerenge n'komwe. Ababa sangadziwe kumene tinkhope timakhala, munthu amene amatseka wailesi pozula batire." Kenako anati, "Ababa, muli bwanji?"

"Ndilipo," anatero ababa, akuyang'ana khoma.

"Ndili ndi funso limodzi. Zithunzi zili pa tsamba langa ndi makumi anayi ndi zitatu. Mwagwira makumi anayi ndi ziwiri. Chimene mwasiya ndi chimodzi chokha chimene ndilimo ine." Ndinadziwa kuti masiku awiri onsewa chimene chinkamupweteka n'chimenechi. "Mwana mumamuona, zikomo. Koma ine mukafika pa nkhope yanga mumangodumpha eti? Ngakhale kankhope kokwiya komwe sindikuyenera?"

Ndinafuna kulowererapo, koma ababa anatukula dzanja. Anasendera pafupi ndi foni ngati munthu wolankhula pa bowo la kiyi.

"Chimenecho sindidumpha. Ndimayambira pomwepo." Anatsokomola. "Koma wojambulayo anakuika kumanja. Ndikapanikiza, chala chimakuphimba nkhope yonse. Ndiye chimenecho ndimaika foni pa benchi, manja ndimaika kumbuyo."

Kumbali inayo kunkamveka kamwana kakumenya chitini ndi supuni, ndi munthu akufwenthera. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa m'banja mwathu munthu akalira ena onse amayamba kumuseka, ndipo sindinkafuna kukhala woyamba.

"Wojambulayo ndi mpongozi wanu," anatero Kamsomali pamapeto pake.

"Zikuoneka. Sadziwa kuika chinthu pakati."

Kamsomali anaseka, kuseka kosakanikirana ndi chimfine. Kenako anati, ngati akunena za nyengo, "Mwanayu kabedi kake kamuchepera. Miyendo ikutulukira kunja. Akalipentala a kuno ndawayendera, palibe amene ndamukhulupirira."

Ababa anali atayamba kale kufufuza pensulo m'matumba. Anakoka emvulopu yakale patebulo n'kuitembenuza.

"Ndi wamtali bwanji?"

"Sindikudziwa, ababa. Tepi ndilibe," anatero mng'ono wanga. "Mubwere mudzamuyeze nokha."