Batani la Pakhosi

Chidwalireni sitiroko, dzanja lamanja la a Telala linkangokhala chofumbata ngati labisa kanthu. Poyamba ankapita kuchipatala Lachiwiri lililonse kukachita mafizo, ndipo pabenchi yodikirira ankasereulana ndi odwala anzawo mpaka kuiwala ululu. Kenako adokotala anawapatsa magalasi a kompyuta kuti azichitira mafizowo kunyumba.

"Mwapumula, bambo. Simuzivutikanso ndi maulendo," anatero mwana wawo wamkazi akuthamangira kuntchito.

Akavala magalasiwo, chipinda chinkasowa. Ankaona munda wa zipatso ndi dzanja loongoka bwino lomwe linkatsanzira lawo. Ntchito inali kuthyola malalanje n'kuika m'dengu. M'mundamo munalibe munthu, ngakhale mbalame. Akavula, ankapeza makina awo osokera atafunda nsalu pakona, nyumba ili zii.

Patatha miyezi itatu, m'mawa wina akuvala malaya, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinamvana. Batani la pakhosi linalowa pabowo. Anamasula n'kumanganso katatu, kuopa kuti mwina zangochitika mwangozi.

"Amake mwana, taonani," anatero, asanakumbukire kuti akazi awo anatsogola chaka chatha.

Anaimbira foni mwana uja.

"Ndili pamsonkhano, bambo. Mwagwa?"

"Ayi, sindinagwe."

"Chabwino, tikambirana ndikaweruka."

A Telala anakokera mpando pakhonde. Anakhala pomwepo dzuwa likuswa mtengo, malaya atamanga mpaka m'khosi, thukuta lili kamukamu, kudikira aliyense wodutsa mumsewu woti amupatse moni.